Oyilo wa mu kompresa ya firiji: ntchito yake, mitundu yake ndi mgwirizano wake ndi gasi

M'firiji iliyonse ya m'nyumba muli zinthu ziwiri zimene zimatsekeredwa m'makina ake kuchokera ku fakitale. Choyamba ndi gasi woziziritsa, amene anthu ambiri amamudziwa chifukwa ndiye amene mmisiri amanena kuti watha firiji ikaleka kuzizira. Chachiwiri ndi oyilo wa mu kompresa, amene satchulidwatchulidwa ngakhale kuti moyo wa firiji komanso magetsi amene imadya zimadalira kwambiri iyeyo. Ziwirizi amazisankhira pamodzi, ndipo kusintha chimodzi popanda kuganizira chinzake kumawononga makina. N'chifukwa chake nthawi zonse pamene maiko agwirizana zosiya gasi wina pofuna kuteteza chilengedwe, opanga mafiriji akhala akukakamizika kufunanso oyilo woyenerana ndi gasi watsopanoyo.

Nkhaniyi ndi yaikulu tikaona kuchuluka kwa makinawa. M'chaka cha 2019 bungwe la International Institute of Refrigeration, limene likulu lake lili ku Paris, linayerekeza kuti pa dziko lonse pali mafiriji a m'nyumba pafupifupi 2 biliyoni amene akugwira ntchito. Firiji sipuma usana ndi usiku, choncho magetsi ochepa amene angapulumutsidwe pa firiji imodzi amasanduka ambiri akaphatikizidwa.

Mmene firiji imaziziritsira

Ntchito ya firiji ndi kutulutsa kutentha m'kati mwa bokosi n'kukutaya kunja. Gasi woziziritsa amalowa m'mapaipi a m'kati ali wamadzimadzi. Popeza iye amawira ngakhale pamalo pozizira kwambiri, amayamwa kutentha kwa zakudya n'kusanduka nthunzi. Kompresa imakoka nthunziyo, n'kuipanikiza, n'kuikankhira m'mapaipi a kumbuyo kapena a m'mbali mwa firiji, kumene imataya kutentha kuja n'kubwerera kukhala madzi. Kuchoka apo gasiyo amadutsa m'kasefa kochotsa chinyezi ndi m'kapaipi kowonda zedi kotchedwa capillary, n'kuyambiranso ulendo wake.

Kompresa ndi chigubu chakuda chachitsulo chija chimakhala kumbuyo chakumunsi kwa firiji. Amachiwotcherera mozungulira kotero kuti sichitsegulidwa. M'kati mwake muli mota ya magetsi, shafiti ndi pisitoni imene imayenda m'silinda. M'maiko amene magetsi ake ndi a 50 Hz, monga onse a kumwera kwa Africa, mota ya kompresa wamba imazungulira pafupifupi ka 2,900 pa mphindi imodzi. Pansi pa chigubucho ndi pamene pamakhala oyilo, amene nthawi zambiri amakhala mamililita a pakati pa 150 ndi 300. Oyilo ameneyu sasinthidwa monga amachitira ndi wa galimoto. Amene anathiridwa ku fakitale amayenera kutumikira zaka 10, 15 kapena kuposerapo.

Ntchito za oyilo

Shafiti ikamazungulira, nsonga yake imene yamira mu oyilo imamukweza kudzera m'kabowo ndi m'kangalande kokhotakhota mpaka kumtunda. Kumeneko oyilo amalowa pakati pa zitsulo zoyenda kuti zisakhulane ndi kuperepeseka. Iyi ndiyo ntchito yake yoyamba. Yachiwiri ndi kutseka mpata. Pisitoni ya kompresa yaing'ono ilibe maring'i monga ya injini ya galimoto. Mpata wa pakati pa iyo ndi silinda ndi wochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo oyilo ndiye amaudzaza kuti gasi wopanikizidwa asabwerere m'mbuyo. Yachitatu ndi kuchotsa kutentha pa mota ndi pa zitsulo n'kukupereka ku chigubu. Amachepetsanso phokoso.

Oyilo wa m'firiji ali ndi zofunika zina zimene wa makina ena alibe. Mawaya a mota ali m'chigubu chomwecho, choncho oyiloyo sayenera kudutsitsa magetsi kapena kudya utoto wokuta mawayawo. Ayenera kupirira kutentha kwa pa mavalavu a kompresa, kumene kumatha kupitirira madigiri 100, komanso asaundane m'mapaipi a m'chipinda choumitsa, mmene mumazizira kuposa madigiri 20 pansi pa ziro.

Chofunika koposa n'chakuti asakanikirane bwino ndi gasi. Nthawi iliyonse kompresa ikamapopa, timadontho ta oyilo timatuluka limodzi ndi gasi. Ngati awiriwa amasungunukirana, gasi amamutenga oyiloyo n'kumubweza ku kompresa. Ngati sagwirizana, oyilo amatsalira m'mapaipi ozizira, n'kuwamata m'kati. Zikatero firiji imazizira movutikira, kompresa imalira nthawi yaitali, ndipo pang'onopang'ono oyilo wa m'chigubu amachepa mpaka zitsulo kuyamba kudyana.

Nyengo ya R12

Mafiriji oyambirira a m'nyumba, a m'zaka za m'ma 1920, ankagwiritsa ntchito mpweya woopsa monga sulphur dioxide ndi methyl chloride. Mu 1928 Thomas Midgley ndi anzake ku America anapeza gasi wa m'gulu la CFC, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1930 gasi wotchedwa R12, wodziwikanso kuti Freon, anafala. Iye sayaka, sapha munthu msanga, ndipo amasakanikirana bwino ndi oyilo woyengedwa kuchokera ku mafuta okumbidwa pansi, amene pa malonda amatchedwa mineral oil. Kuwonjezera apo, chlorine wa mu R12 ankasiya kachikuto kochepa pa zitsulo kamene kankathandiza kuti zisathe msanga. Kwa zaka zoposa 50 gasi ndi oyilo amenewa anatumikira pamodzi popanda vuto lalikulu.

Chlorine yemweyo ndiye anadzapezeka wolakwa. Mu 1974 akatswiri a sayansi awiri, Mario Molina ndi Sherwood Rowland, anasonyeza kuti gasi wa CFC akakwera kumwamba amawononga mpweya wa ozone, umene umatchinga cheza choopsa cha dzuwa. Mu 1985 ofufuza a ku Britain analengeza kuti ozone wachepa modetsa nkhawa pamwamba pa Antarctica. Pa 16 September 1987 maiko anasainira Pangano la Montreal, limene linadzakhazikitsa kuti maiko olemera asiye CFC pofika 1996 ndipo maiko amene akutukuka kumene asiye pofika 2010.

R134a ndi oyilo wa POE

Gasi amene makampani ambiri anasankha m'malo mwa R12 anali R134a, wa m'gulu la HFC. Alibe chlorine, choncho saononga ozone. Koma sasungunukirana ndi oyilo wa mineral, ndipo kachikuto koteteza zitsulo kaja kanapita limodzi ndi chlorine. Opanga makompresa anatembenukira kwa oyilo wochita kupanga m'fakitale wotchedwa polyol ester, kapena kuti POE mwachidule, amene amapangidwa pophatikiza mitundu ina ya alcohol ndi asidi. M'makina oziziritsa m'galimoto anasankha mtundu wina wotchedwa PAG.

Oyilo wa POE amayenda bwino ndi R134a, koma ali ndi khalidwe limodzi lovuta: amakoka chinyezi cha mumpweya mofulumira kwambiri kuposa wa mineral. Madzi akalowa, kutentha kwa mu kompresa kumachititsa kuti oyiloyo ayambe kuphwanyika n'kubwerera ku asidi amene anapangidwira. Asidiyo amadya zitsulo ndi utoto wa mawaya, ndipo litsiro lotsatirapo limakatseka kapaipi kowonda kaja. POE amasungunulanso zotsalira za girisi ndi mankhwala ena a m'mapaipi n'kukazisiya pamalo pomwepo. M'zaka zoyambirira za R134a kutsekeka kwa kapaipi kameneka kunali limodzi mwa mavuto odziwika, ndipo mafakitale anayenera kukhwimitsa ukhondo pa ntchito yawo.

Panalinso vuto lina lalikulu. Ngakhale R134a saononga ozone, amathandiza kwambiri kutenthetsa dziko. Akatswiri amayeza mphamvu imeneyi poyerekeza ndi mpweya wa carbon dioxide pa zaka 100. Pa muyeso umene umagwiritsidwa ntchito m'Pangano la Montreal, kilogalamu imodzi ya R134a imafanana ndi makilogalamu 1,430 a carbon dioxide, pamene ya R12 imafanana ndi 10,900.

Greenfreeze ndi kubwera kwa R600a

Njira ina inachokera ku Germany. Mu 1992 bungwe la Greenpeace linagwirizana ndi kampani ya DKK Scharfenstein ya m'chigawo cha Saxony, imene inali pafupi kutsekedwa pambuyo pa kugwirizananso kwa dziko la Germany, kuti ipange firiji yogwiritsa ntchito gasi wachilengedwe wa m'gulu la hydrocarbon. Kampaniyo inadzatchedwa Foron, ndipo mafiriji oyamba a mtunduwu, amene anadziwika ndi dzina lakuti Greenfreeze, anatuluka mu March 1993. Poyamba ankasakaniza propane ndi isobutane, koma posakhalitsa makampani anakhazikika pa isobutane yekha, amene nambala yake ndi R600a. Pasanathe zaka zambiri makampani akuluakulu a ku Ulaya anatsatira, kenaka a ku China, Japan ndi maiko ena. Lero mafiriji ambiri atsopano a m'nyumba pa dziko lapansi amatuluka ndi gasi ameneyu.

R600a saononga ozone, ndipo pa muyeso wa kutenthetsa dziko uja nambala yake ndi pafupifupi 3. Amawira pa madigiri 11.7 pansi pa ziro, pamene R134a amawira pa madigiri pafupifupi 26 pansi pa ziro. Izi zikutanthauza kuti amagwira ntchito mosapanikizika kwambiri, choncho zitsulo za kompresa zimasenza katundu wopepukirapo ndipo phokoso limachepa. Komabe kompresa yake imafunika silinda yaikulupo kuti izipopa nthunzi yochuluka. Choipa chake n'chakuti amayaka akasakanikirana ndi mpweya pa mlingo wa pakati pa 1.8 ndi 8.4 peresenti. Pa chifukwa ichi muyezo wa maiko onse wa IEC 60335-2-24 sulola kuti firiji ya m'nyumba ikhale ndi gasi woyaka woposa magalamu 150, ndipo mafiriji ambiri amakhala ndi wosafika magalamu 100.

Kumbali ya oyilo, R600a anabweretsa mpumulo. Iye amasungunukirana bwino ndi oyilo wa mineral komanso ndi wina wochita kupanga wotchedwa alkylbenzene, ndipo onsewa sakoka chinyezi monga POE. Vuto lake ndi losiyana: gasiyu amalowerera kwambiri mu oyilo mpaka kumupepukitsa. Firiji ikakhala yozima nthawi yaitali, gasi wambiri amamira mu oyilo, ndipo ikayatsidwa amatuluka mwadzidzidzi n'kuchititsa thovu. Wopanga kompresa amayenera kuwerengera zonsezi posankha oyilo.

Oyilo wopepuka ndi magetsi

Kulemera kapena kunanda kwa oyilo, kumene akatswiri amakutcha viscosity, kumalembedwa ndi nambala ya ISO VG. Nambalayo imasonyeza mmene oyilo amayendera akatenthedwa kufika madigiri 40. Ikakhala yaikulu ndiye kuti oyilo ndi wonanda ngati uchi, ikakhala yaing'ono ndiye kuti ndi wamadzimadzi. Pa muyeso womwewo madzi akumwa safika ndi pa 1 pomwe.

Oyilo wonanda amateteza zitsulo bwino, koma mota imataya mphamvu poyesetsa kuzungulitsa shafiti m'kati mwake, monga mmene mthiko umalemerera m'phala lolimba kusiyana ndi lamadzimadzi. Mphamvu yotayikayo imasanduka kutentha, ndipo mwini firiji amailipira pa mita. Ichi ndicho chifukwa chake nambala ya oyilo yakhala ikutsika. Makompresa ambiri a m'nyengo ya R12 ankathiridwa oyilo wa VG 32. A R134a anatsikira pa VG 22, ena mpaka pa VG 10. A R600a opangidwa kuti azidya magetsi ochepa amathiridwa wa VG 10, VG 7 ngakhalenso VG 5.

Phindu lake pa kompresa imodzi limaoneka laling'ono, koma masamu ake ndi osavuta. Chaka chili ndi maola 8,760. Chipangizo chimene chachepetsa watt imodzi yokha kwa chaka chonse chimapulumutsa mayuniti 8.76 a magetsi. Ngati kompresa imalira theka la nthawiyo, ndiye kuti ndi mayuniti oposa 4 pa firiji imodzi, kapena oposa 4 miliyoni pa mafiriji 1 miliyoni.

Kupepukitsa oyilo kuli ndi malire ake. Akapepuka mopitirira, kachikuto ka pakati pa zitsulo kamang'ambika ndipo zitsulozo zimakhudzana. Mpata wa pa pisitoni satsekanso bwino, gasi amabwerera, ndipo magetsi amene anapulumutsidwa amatayikira pamenepo. Oyilo wopepuka amakhalanso wosachedwa kusanduka nthunzi pakatentha. Pofuna kuthana ndi izi opanga makompresa amasalaza zitsulo mwaluso kwambiri, amachepetsa mipata, ndipo zina amazikuta ndi mankhwala a phosphate. Mu oyilo amathiramo mankhwala ochepa oteteza kuperepeseka, ena oletsa kuti asaonongeke ndi kutentha, ndipo mu POE amathiramonso ogwira asidi. Choncho oyilo wa VG 5 amathandiza mu kompresa yokhayo imene inapangidwira oyilo wotero. Kumuthira mu kompresa yakale n'kuifupikitsira moyo.

Makompresa osintha liwiro ndi opanda oyilo

Mafiriji olembedwa kuti inverter ali ndi kompresa imene imasintha liwiro malinga ndi kufunika kwake, m'malo momangoyaka ndi kuzima. Ikamayenda pang'onopang'ono imadya magetsi ochepa, koma apa mpamene oyilo amayesedwa kwambiri. Shafiti yozungulira pang'onopang'ono imavutika kukweza oyilo, ndipo kachikuto ka pakati pa zitsulo kamachepa. Makompresa otere amawaikira njira yapadera yopopera oyilo imene imagwira ntchito ngakhale liwiro litatsika.

Makampani ena ayesa kuchepetseratu malo okhulana. Mu 2001 kampani ya LG ya ku South Korea inatulutsa firiji yokhala ndi kompresa imene pisitoni yake imakankhidwa molunjika ndi maginito popanda shafiti yozungulira. Mu 2014 kampani ya Embraco ya ku Joinville, m'dziko la Brazil, inalengeza kompresa yotchedwa Wisemotion imene sifuna oyilo n'komwe. Ngakhale zili choncho, mafiriji ochuluka amene akugulitsidwa akadali ndi kompresa ya oyilo.

Pangano la Kigali ndi chigawo chino

Pa 15 October 2016, mu mzinda wa Kigali ku Rwanda, maiko anawonjezera ndime ku Pangano la Montreal yochepetsa gasi wa HFC, ndipo inayamba kugwira ntchito pa 1 January 2019. Maiko a mu Africa ali m'gulu limene linayenera kusiya kuonjezera kagwiritsidwe ntchito ka HFC mu 2024, n'kuchepetsa ndi 10 peresenti pofika 2029, 30 peresenti mu 2035, 50 peresenti mu 2040 ndi 80 peresenti mu 2045. Maiko a European Union anali ataletsa kale, kuyambira 1 January 2015, kugulitsa mafiriji atsopano a m'nyumba okhala ndi HFC wa nambala ya 150 kapena kuposa, zimene zinachotsa R134a pa msika wawo.

Kumwera ndi pakati pa Africa mibadwo itatu yonse ya mafiriji ikupezeka pa nthawi imodzi. M'nyumba zina mukadali a R12, ambiri ndi a R134a, ndipo atsopano ndi a R600a. Ena amalowa m'maiko muno atagwirapo kale ntchito kunja. Dziko la Ghana, kumadzulo kwa Africa, linayamba kuletsa mafiriji akale oterewa mu 2013 chifukwa chodya magetsi ambiri. Ku South Africa lamulo limafuna kuti firiji yatsopano ikhale ndi chizindikiro chosonyeza kadyedwe kake ka magetsi. Mmisiri mmodzi angathe kukumana ndi mitundu itatu ya gasi ndi mitundu itatu ya oyilo pa tsiku limodzi, ndipo apa mpamene kusakaniza kumayambira.

Kuzimazima kwa magetsi kumawonjezera mtolo. Mu 2024 chilala chinatsitsa madzi a m'nyanja ya Kariba, ndipo anthu a ku Zambia ndi Zimbabwe ankakhala maola ambiri pa tsiku opanda magetsi. Nthawi yovuta kwambiri kwa kompresa ndi pamene ikuyamba kulira, oyilo asanakwere kumtunda. Magetsi akamabwera ofooka kapena akamathimathima, mota imatentha, ndipo kutenthako kumakalambitsa oyilo msanga.

Zoyenera kudziwa eni mafiriji ndi amisiri

Mtundu wa gasi umalembedwa pa kompresa komanso pa kapepala komatidwa m'kati kapena kumbuyo kwa firiji, pamodzi ndi kulemera kwake m'magalamu. Firiji ya R600a imakhalanso ndi chizindikiro cha lawi la moto. Gasi amene walembedwayo ndi yekhayo woyenera kuthiridwa. R134a akathiridwa m'firiji ya R600a amakumana ndi oyilo amene sagwirizana naye komanso silinda yaikulu imene imalemetsa mota. R600a akathiridwa m'firiji ya R134a firijiyo sizizira mokwanira, ndipo zida zake za magetsi sizinakonzedwe kuti zikhale pafupi ndi gasi woyaka. Oyilo wa injini ya galimoto sayenera kulowa mu kompresa ya firiji ngakhale pang'ono, chifukwa ali ndi mankhwala ena, amaundana pozizira, ndipo amatseka kapaipi kowonda.

Kompresa yatsopano imabwera ndi oyilo wake kale, ndipo timapaipi take timakhala totseka. Zotsekerazo zichotsedwe pa nthawi yolumikiza yokha, makamaka ngati oyiloyo ndi wa POE, ndipo botolo la POE lisasiyidwe lotsegula. Nthawi iliyonse mapaipi akatsegulidwa, kasefa kochotsa chinyezi kasinthidwe, mpweya wonse upopedwe ndi pampu yoyenera, ndipo gasi ayezedwe pa sikelo. Pa firiji ya R600a kusiyana kwa magalamu ochepa okha kumasintha kaziziridwe ndi kadyedwe ka magetsi. Ntchitoyi ichitikire pamalo podutsa mphepo, kutali ndi moto ndi ndudu.

Mwini firiji nayenso ali ndi mbali yake. Firiji inyamulidwe choimirira. Ikagonekedwa pa ulendo, oyilo amatsikira m'mapaipi, choncho iimikidwe kwa maola angapo, ngakhale tsiku lathunthu, isanayatsidwe. Magetsi akazima n'kubweranso nthawi yomweyo, ndi bwino kudikira mphindi zisanu gasi akhazikike. Kumbuyo kwa firiji kukhale mpata wodutsa mphepo ndipo fumbi lizichotsedwa, popeza kompresa yotentha imapepukitsa oyilo kuposa mmene wopanga anawerengera. Madzi oundana asamachotsedwe ndi mpeni, chifukwa kabowo kamodzi kamatulutsa gasi n'kulowetsa chinyezi chimene chimakathera mu oyilo.

Firiji ikafa, oyilo wake amakhala akadali ndi gasi wosungunukiramo, ndipo wa mafiriji akale amakhala ndi R12. Anthu odula makompresa pofuna mkuwa asamuthire pansi kapena m'ngalande. Asonkhanitsidwe m'chigubu chotseka n'kuperekedwa kumalo olandira oyilo wotha ntchito, ndipo gasi apopedwe ndi amisiri ophunzitsidwa firijiyo isanaphwanyidwe.